Mukasunga axolotl kuno ku Kasungu, samalani ndi kutentha

Amene mwangotenga kumene salamander, makamaka wa mtundu wa axolotl, dziwani kuti kanyamaka si buluzi ngakhale kamaoneka choncho. Ndi kam'bale wake wa chule, ndipo kwawo ndi ku Mexico, m'madzi ozizira a ku Xochimilco. M'mitsinje yathu mulibe zoterezi, choncho mukadzatopa nako musakakataye mu Bua kapena kudambo, mupatseni wina woti akasamale.

Mdani wake wamkulu kuno ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala. Madzi azikhala pa madigiri 16 mpaka 18. Akapitirira 24 kamasiya kudya n'kuyamba kudwala, ndipo zimamvetsa chisoni kukaona kakufooka. Thanki muiike m'chipinda chozizira, pansi, kutali ndi zenera. Muziumitsa mabotolo a madzi m'firiji, masana kukatentha n'kuyandamitsamo limodzi. Magetsi akathima, otsalawo akulungeni m'chitenje kuti asasungunuke msanga.

Madzi apampopi amakhala ndi klorini amene amawononga khungu lake komanso timanthenga ta m'mbali mwa mutu tomwe kamapumira. Yambani mwathira mankhwala ochotsa klorini musanawaike m'thanki. Timiyala ting'onoting'ono ayi, kamameza kenako m'mimba n'kutsekeka. Kuli bwino pansi pakhale popanda kanthu.

Chakudya n'chosavuta: nyongolotsi za m'nthaka. Koma musakazikumbe kumunda wa fodya kapena kudimba kumene mwapopera mankhwala. Kumbani pamalo achinyontho osathiridwa chilichonse, muzitsuke, zikuluzikulu muzidule.

Ana adzafuna kukagwira. Aletseni ndithu, khungu lake ndi lofewa kwambiri ndipo sopo kapena mafuta odzola a m'manja amakavulaza.