Momwe mungasinthire makodi pa gitala nyimbo osaduka

Ambiri amene amaphunzira gitala sakanika kugwira makodi, omwe ndi magulu a mawu olira pamodzi mukadina nsambo zingapo, monga G ndi C. G amagwira bwino, C amagwiranso, koma pochoka pa G kupita pa C nyimbo imaima kaye, zala zikufufuza pokhala. Vutoli limatha mukalolera kuyenda pang'onopang'ono.

Yambani ndi kuchuna. Nsambo zake, kuchokera pa yonenepa ya pamwamba kutsika m'munsi, ndi E, A, D, G, B, E, ndipo app yochunira ya pafoni imakwanira. Wengani zikhadabo za dzanja logwira makodi.

Kenako sankhani makodi awiri okha. Kwa oyamba kumene, ine ndimakonda Am ndi C, chifukwa zala ziwiri sizisuntha n'komwe. Chamkombaphala chimakhala pa fureti yoyamba ya nsambo ya B (mafureti ndi timipata ta pakati pa tizitsulo ta pakhosi la gitala, ndipo timawerengedwa kuchokera kumutu kwake), chapakati pa fureti yachiwiri ya nsambo ya D. Choyenda n'chachitatu chokha: pa Am chili pa fureti yachiwiri ya nsambo ya G, pa C chimakwera kukakhala pa fureti yachitatu ya nsambo ya A. Dinani ndi nsonga ya chala, pafupi ndi kachitsulo ka fureti koma osati pamwamba pake. Mukagwira, lizani nsambo imodziimodzi. Ina ikamveka ngati yatsamwa, ndiye kuti chala choyandikana nacho chaigonera. Pindani chalacho chiimirire.

Tsopano tsegulani metronome, kachipangizo kapena app yogunda mofanana kuti musunge liwiro, muike pa 60, komwe ndi kugunda kamodzi pa sekondi. Lizani Am kamodzi, werengani mpaka 4, lizani C kamodzi, werenganinso. Chala chinyamuke pa 4 kuti 1 akamafika chikhale chatera kale. Zikayamba kumveka zoyera kangapo motsatizana, muzikhwatcha pa kugunda kulikonse, kenako kwezani liwiro kufika pa 65, pambuyo pake 70. Mukaphonya, bwererani pomwe zimatheka. Apa mpomwe ambiri amapupuluma, ndipo zimandimvetsa chisoni, chifukwa zala zimasunga chilichonse chimene mwazibwerezetsa, cholakwika chomwe. Kuchotsa chizolowezi choipa kumatenga nthawi yaitali kuposa kuphunzira bwino poyamba.

Dzanja lokhwatcha lisaime kudikira linzake. Ngakhale zala zitachedwa, lipitirize kutsika pa nthawi yake. Womvera amakhululuka nsambo imodzi yosalira bwino, koma kayendedwe ka nyimbo kakaduka amazindikira pompo.

Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri kamodzi pa sabata. Nsonga za zala zimawawa masabata oyamba mpaka khungu litakhwima, zimenezo n'zachibadwa. Koma ululu ukakhala pamfundo ya dzanja, pumulani, ndipo onani ngati simukufinya khosi la gitala mopitirira.

Am ndi C zikakhazikika, pitani pa Em ndi G, kenako G ndi D, m'njira yomweyo. Dzijambuleni pafoni kamodzi pa sabata n'kumvetsera gitala muli mutaiika pansi. Pamene mwamva kuti mwachedwa, mawa lake muyambire pomwepo.