Kaoneredwe ka mafilimu a munthu wotayika panyanja

Mafilimu amenewa safuna phokoso. Kwathu ku Matero ndimadikira ana agone kaye, laputopu nditaitchajiratu, chifukwa magetsi akathima munthu akadali pakati pa nyanja, tulo sitibwera.

Yambani ndi All Is Lost ya 2013. Robert Redford ali yekhayekha ndipo mawu ake ndi owerengeka, ndiye Chingerezi chisakuopseni. Muziyang'ana manja ake: mmene akumatira chibowo cha bwato, mmene akusandutsira madzi amchere kukhala akumwa ndi chigubu, pulasitiki ndi dzuwa basi. Pamenepo bwezani kumbuyo muonenso.

Life of Pi ya 2012, ija ya mnyamata wokhala ndi kambuku m'bwato masiku 227, isungireni Loweruka masana, ana ali maso. Koma mudyeretu. Alamu anga nsima inawazizirira m'manja.