Mmene Mungayendetsere Ubale ndi a ku Scotland Potsata Chaka Chawo

Sukulu ndi mipingo yambiri ya ku Mzuzu ili ndi abale ku Scotland, ubale womwe mizu yake ili ku Livingstonia kumene Robert Laws anakhazika mishoni mu 1894. Chimene chimaziziritsa ubalewu kawirikawiri ndi kalendala. Komiti ilemba kalata mu Julayi, yankho osabwera, anthu n'kuyamba kunong'ona kuti atitaya. Chonsecho sukulu za kumeneko zimatseka kumapeto kwa Juni mpaka pakati pa Ogasiti, ndipo mphunzitsi mukumufunayo ali patchuthi.

Yambani ndi wotchi. Kuchokera Lamulungu lomaliza la Okutobala kufika lomaliza la Malichi, ife timatsogola ndi maola awiri. Miyezi inayo ndi ola limodzi. Mukapangana zokumana pa Zoom, lembani nthawi zonse ziwiri.

Pa 31 Disembala amachita Hogmanay, chikondwerero cholowera chaka chatsopano, ndipo 1 ndi 2 Januwale ndi tchuthi, choncho musayembekezere kanthu sabata imeneyo. Tsiku lofunika kulikonzekera ndi 25 Januwale, pamene amakumbukira mlakatuli Robert Burns, wobadwa mu 1759. Anthu amasonkhana pa mgonero, ndipo magulu ena amasonkhetserapo ndalama. Lipoti lanu ndi zithunzi zifike Januwale akungoyamba, kuti akhale ndi chowonetsa.

Ngati tsikulo lawapeza alendo ali kuno, aphikireni haggis, chakudya cha zam'mimba za nkhosa chimene amadya pa mgonero wa Burns. Gulani mtima, chiwindi, mapapo ndi chifu cha nkhosa. Za mbuzi zimachitanso. Chifucho chitsukeni bwinobwino, chigone m'madzi amchere. Zinazo wiritsani maola awiri, kholingo litalendewera kunja kwa poto kuti zoipa za m'mapapo zitulukire komweko. Zikazizira, duladulani tinthu ting'onoting'ono, sakanizani ndi magalamu 250 a oats wokazinga pang'ono, magalamu 200 a mafuta olimba a ku impso, anyezi awiri, mchere, tsabola wakuda wambiri ndi kapu imodzi ya msuzi womwe uja. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa: amadzaza chifu mpaka pakamwa. Oats amafufuma, ndiye chifu chimaphulika, mgonero n'kusanduka phala. Ikani kungopitirira theka, sokani, boolani ndi singano malo angapo, chiwire pamoto wochepa maola atatu. Amadyera mbatatesi yokanya ndi swede (ndiwo ya muzu waukulu wobulungira), koma swede kumsika wa Mzuzu ndi wosowa. Maungu amalowa m'malo popanda wodandaula.

Meyi ndi mwezi wothina. Ophunzira a sekondale amakhala pa mayeso, ndipo akuluakulu a Church of Scotland amakhala ku msonkhano wawo waukulu ku Edinburgh. Pempho lililonse lofuna chigamulo litumizeni Febuluwale kapena Malichi.

Opita kumeneko apewe Ogasiti ngati adzagona ku Edinburgh. Chikondwerero cha zisudzo ndi zaluso cha Fringe, chomwe chinayamba mu 1947, chimadzaza mzinda kwa masabata atatu, ndipo mtengo wa chipinda umakwera moopsa. Seputembala ndiye wabwino: sukulu zatsegula mbali zonse ziwiri, kuzizira sikunafike poipa. Novembala ali ndi tsiku la St Andrew, woyera woyang'anira dziko la Scotland, pa 30, koma nthawi imeneyo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo juzi ya Juni ya kuno siikwanira. Viza mungafunsire patatsala miyezi itatu, ndipo muyenera kukaonekera nokha ku Lilongwe, ndiye ikani pa bajeti basi ndi malo ogona.

Iwo akafuna kubwera, Juni kumapeto ndi Julayi ndi pamene amapeza mpata. Auzeniretu kuti Fomu 4 imakhala pa MSCE ndiponso kuti usiku Mzuzu amazizira, abwere ndi majekete. Akalimbikira za Febuluwale, ulendo wokwera ku Livingstonia kudzera Chitimba muupatse tsiku lina lapadera, chifukwa mvula ikagwa msewu wa Golodi umavuta ngakhale pa galimoto yamphamvu.