Mmene ndinachiritsira zilonda za mbuna zanga

Mbuna ziwiri (nsomba za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi) m'thanki yanga yagalasi kuno ku Senga Bay zinatuluka zilonda zofiira pafupi ndi mchira, m'mphepete mwake muli zoyera ngati thonje. Ina inasiyiratu kudya, n'kumangodzikhuza pamwala.

Wolakwa ndinali ine. Chakudya ndinkathira mosayeza, zotsala n'kumaolera pansi pa miyala, madzi n'kuipa. Komanso yamphongo yaikulu inkaluma zinzake. Mbuna ndi zandewu, zimalimbirana mapanga.

Zodwalazo ndinazipatula m'ndowa yatsopano ya malita 20, n'kuikamo kapampu ka mpweya. Mchere wopanda ayodini, magalamu 3 pa lita, ndinkayamba ndausungunula m'kapu, n'kumathira pang'onopang'ono kwa masiku awiri. Tsiku lililonse ndinkachotsa malita 5, n'kubwezeramo madzi apampopi ogonetsa usiku wonse kuti klorini achoke, ndi mchere wake womwe.

Magetsi akazima, ndinkatunga madziwo ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Mayi a kunyumba ankangoseka: "Bambo, nsomba za m'nyanja yomweyi mukuzidwazika ngati khanda?"

Patatha masabata awiri zilonda zinatsekeka, pangotsala zipsera zotuwa. Ndisanazibweze, ndinatsuka thanki n'kusanja miyala yambiri kuti iliyonse ipeze pobisala.