Kawerengedwe ka mtengo woyenera wa SUV yakale musanapereke ndalama

Wogulitsa amatchula mtengo poona zimene anzake akutchula pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Inu ogula werengerani ndalama zonse zimene zidzatuluke m'thumba mwanu kuyambira tsiku logula kufikira galimotoyo itakutumikirani chaka chathunthu. Pa SUV, galimoto zazitali ngati RAV4, X-Trail, CX-5, Forester kapena Prado, manambala awiriwa amatalikirana kwambiri kuposa pa Vitz kapena Sienta, chifukwa chilichonse pa galimoto zimenezi n'chachikulu. Tayala la 225/65 R17 silifanana mtengo ndi la saizi 14, ndipo kunsi kuli zitsulo zopititsa mphamvu kumatayala akumbuyo zimene galimoto yaing'ono ilibe.

Choyamba pezani mtengo wa inzake yopanda vuto. Fufuzani galimoto zisanu kapena zisanu ndi imodzi za mtundu womwewo, chaka chomwecho, injini ndi giyabokosi zofanana, ndipo musasakanize za 2WD (zoyendera matayala awiri) ndi za 4WD (zoyendera onse anayi). Mtengo wolembedwa si umene galimoto imapitira, ndiye funsani amene agula posachedwa kuti anapereka zingati. Kenako werengerani ndalama zoitanitsira ina yotero ku Japan kudzera ku makampani ogulitsa galimoto zakale ngati BE FORWARD kapena SBT: mtengo wake mpaka ku Dar es Salaam, zolipira padoko, dalaivala ndi mafuta mpaka pa Songwe, msonkho wa MRA umene umakwera potengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, wothandiza kuombola, ndi kulembetsa nambala. Dola muiwerengere pa mtengo umene mungaipezeredi. Galimoto imene yatha zaka zitatu ikugunda maenje a kuno siyenera kuposa ndalama imeneyi, ngakhale ena amaitchulira choncho ponena kuti ndi yapompopompo.

Mapepala muwaone musanatsegule boneti. Nambala ya chasisi yodindidwa pachitsulo igwirizane ndi ya m'bulubuku chilembo ndi chilembo, ndipo dzina la m'bulubukumo likhale la munthu amene adzapite nanu ku Road Traffic kukasintha umwini. Funsani ngati galimotoyo inalowa m'dziko mosalipira msonkho, popeza yotero ikamagulitsidwa MRA imatha kufuna gawo lake, komanso ngati siinaikidwe chikole pa ngongole. Vuto la mapepala musalichotsere mtengo. Isiyeni.

Pitani m'mawa, ndipo muuze wogulitsa kuti asailize. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, wina wailiza kale, mwina kuti phokoso la m'mawa musalimve. Tembenuzani kiyi osaliza injini, muone ngati magetsi a check engine, ABS, airbag ndi oyilo ayaka onse. Limene silikuyaka mwina analichotsa babu kapena kulimata tepi. Injini ikalira, mvetserani masekondi asanu oyamba. Kuphokosera kwa tcheni kwakanthawi kumaloza ku timing chain kapena chokokera chake, pamene kugogoda kwakuya kotsatana ndi liwiro la injini ndi mabeyaring'i, ndiye kuti injini ili pafupi kunoka. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa. Utsi woyera wosaleka injini itatentha ndi madzi akulowa m'masilinda. Tsegulani chivindikiro cha oyilo muone ngati kunsi kwake kuli phala lotuwa ngati chiponde, ndipo injini ikadali yozizira suzumirani m'ladiyeta: madzi adzimbiri akusonyeza kuti mwiniwake ankangothira a pampopi. Batire labwino limaonetsa mavoti 12.4 mpaka 12.6 injini itazima, ndipo ikamalira pakhale 13.8 mpaka 14.5.

Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha, anthu amabweza. Galimoto yonena 70,000 km koma chiwongolero chake chili see, raba ya pa buleki yadyeka mpaka chitsulo, mpando wa dalaivala waphwa, yayenda kuposa pamenepo. Yang'anani timapepala ta sevisi timene magalaja a ku Japan amamata pamphuthu pa chitseko kapena mkati mwa boneti. Deti lake nthawi zina limalembedwa m'zaka za Heisei, kawerengedwe ka zaka ka ku Japan: wonjezerani 1988, ndiye H24 ndi 2012. Kapepala ka 2012 kakanena 95,000 km pamene dashibodi lero ikunena 80,000, mwadziwa kale amene mukuchita naye malonda. Pepala la ku okushoni ya ku Japan likapezeka, giredi R kapena RA ikutanthauza galimoto imene inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

Makaniko mubwere naye wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mumulipire ndithu. Aike galimotoyo pa kompyuta yoonetsa makodi a zovuta. Asangoona makodi okha, aonenso ngati sanafufutidwe dzulo: makina akamaonetsa kuti zoyesa zambiri za injini sizinamalize, wina wangofufuta kumene kapena wachotsa batire. Kodi ya P0420 ikuloza ku catalytic converter, chitsulo choyeretsa utsi pa paipi ya ekizozi, ndipo nthawi zambiri mukagogoda pamenepo mumamva chigoba, zamkati anachotsa n'kugulitsa. Ngati mukukayikira injini, ayeze compression, mphamvu imene masilinda amapanikizira mpweya. Masilinda asasiyane kuposa 10 peresenti. Pofuna kudziwa ngati head gasket, chomatira pakati pa mutu ndi thupi la injini, yapsa, pali mankhwala abuluu oyezera pakamwa pa ladiyeta amene amasanduka achikasu utsi ukamalowa m'madzi.

Kenako galimoto ikwere pa dzenje kapena pa jeke, chifukwa ndalama zambiri za SUV zimathera kunsi. Shoko yonyowa oyilo yatha, ndipo mashoko amasinthidwa awiriawiri. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza: likamasewera ndi ball joint kapena beyaring'i. Ligwireni kumanzere ndi kumanja: likamasewera ndi tie rod kapena rack end. Onani mabushi ngati ang'aluka, ndi maraba a CV joint ngati akumwaza girizi. Injini yotsukidwa mbee pa galimoto yafumbi ikubisa podontha. Chinanso chimene ambiri saona ndi propshaft, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku diff yogawira matayala akumbuyo: ena diff imeneyi ikayamba kulira amangochotsa propshaft, galimoto n'kumayenda ndi matayala akutsogolo okha koma n'kumagulitsidwa pa mtengo wa 4WD. Chasisi yopindika, yowotcherera kapena yobooka ndi dzimbiri ndi vuto lina losachotsera mtengo. Kamaginito kokulunga m'kansalu kamakuuzani pamene anamata bodefila, chifukwa pamenepo sikagwira.

Pa tayala lililonse pali manambala anayi a deti: 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi liwerengereni ngati lotha ngakhale mano akuoneka. Pa galimoto yoyendera matayala onse anayi nthawi zonse, ngati Forester, matayala ayenera kufanana saizi ndi kadyekedwe, apo ayi mumapweteka zitsulo zogawa mphamvu, choncho limodzi likatha mukugula anayi.

Muiyendetse mphindi 30, osati kungozungulira mpanda. Giyabokosi ya CVT, ya otomatiki yoyendera lamba ndi mapule, imabisa matenda ake ikadali yozizira. Ikatentha, kwerani chitunda mutaponda ndithu: kunjenjemera ponyamuka, kulira ngati mluzu, kapena injini kukuwa liwiro osawonjezeka ndi zizindikiro zoti lamba ndi mapule amkati adyeka. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. "Ka-ka-ka" kutsogolo ndi CV joint, kubuula kumbuyo pa Honda CR-V nthawi zambiri ndi oyilo wa diff amene sanasinthidwe. Dutsaninso pamsewu wafumbi wa mabampu wailesi itazima.

Mtundu uliwonse uli ndi nthenda yake, ndipo imeneyo ndiyo muyenera kuiikira ndalama pambali. X-Trail T31 ya injini ya MR20DE imabwera ndi CVT yofuna oyilo wa NS-2. Ikathiridwa ATF, oyilo wamba wa giyabokosi ya otomatiki, siichedwa kufa, ndiye funsani kuti anathira chiyani, liti. Injini ya 2AZ-FE ya 2.4 imene ili mu RAV4 ndi Vanguard ndi yolimba, koma zina za m'zaka za 2006 mpaka 2008 zimamwa oyilo chifukwa cha ma ring a pisitoni. CX-5 ya dizilo ya 2.2 imadana ndi maulendo afupiafupi a m'tauni: DPF, sefa yogwira mwaye wa mu utsi, imatsekeka, dizilo amatsikira mu oyilo, ndipo mukaona oyilo wafika pa chilembo cha X pa dipstick, kandodo koyezera oyilo, dziwani kuti zimenezi zayamba. Pa Prado ya 1KD-FTV mawasha a ma injector akamadontha, mwaye umaundana m'oyilo n'kutseka sefa ya pansi pa injini. Timing belt yake imasinthidwa pa 150,000 km. Forester ya injini ya EJ imafuna timing belt yatsopano pa 100,000 km, ndipo popanda umboni woti anasintha, muwerengere lamba, mapule ake ndi pampu ya madzi pamodzi.

Tsopano masamu. Lembani zonse mwapeza m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi zimene mudzakonze ndithu. Chilichonse mufunse mtengo wake sabata yomweyo, m'mashopu awiri kapena atatu, kaya ku Biwi ku Lilongwe kaya ku Limbe, muphatikize ndi ndalama ya mmisiri. Mitengo ya chaka chatha ndi yosathandiza. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo masipeya amatsatira dola. Funsani mtengo wa sipeya yeniyeni kapena ya kampani yodziwika, chifukwa bushi yotchipitsitsa mudzaigula kawiri chaka chisanathe. Funsaninso ngati ilipo pashelefu. Yoitanitsa ku Dubai kapena ku Johannesburg imabwera ndi masabata oyenda pa minibasi, ndipo apa ndi pamene Toyota imaposera mitundu yosowa, ngakhale pogula imadula.

Musachotse mtengo wonse pa chinthu chimene chatha theka. Galimoto yabwino imene mwatengera mtengo ija nayonso ilibe matayala atsopano. Tayala lotheratu chotsani lonse, lotsala ndi theka la moyo musalitchule n'komwe, wogulitsa angakuoneni ngati mukungofuna chifukwa.

Gulu lachiwiri ndi zimene zingachitike kapena ayi. Apa tengani mtengo wa kukonzako muchulukitse ndi mwayi woti zichitika, malinga ndi mmene makaniko waonera. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti njira ioneke. Inzake yabwino ikupita pa K30 miliyoni. Matayala anayi, mashoko, mabushi, mabuleki, batire ndi kusintha oyilo yense zakwana K4.5 miliyoni. CVT ikunjenjemera pang'ono ikatentha, kuisintha ndi K6 miliyoni, ndipo makaniko akuti mwa galimoto zitatu zotere imodzi imaifuna chaka chisanathe: chotsani K2 miliyoni. Chotsaninso 5 peresenti, K1.5 miliyoni, ya zimene palibe anaziona. Mtengo woyenera ndi K22 miliyoni. Koma onani bwino apa: giyabokosiyo ikafa simudzalipira K2 miliyoni, mudzalipira K6 miliyoni yonse. Ngati ndalama imeneyo simudzaipeza, galimotoyo si yanu ngakhale masamu akulola. Ndipo zokonza zotsimikizika zikapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wa yabwino, kawirikawiri kuli bwino kungogula yabwinoyo, popeza mwini amene analekerera zooneka analekereranso zosaoneka.

Injini kapena giyabokosi ya kaunjika imene mukuwerengerayo nayo ndi yakale. Funsani kuti wogulitsa amapereka masiku angati oti mubweze ikakanika, ndipo muwonjezere oyilo, zosefera, ma seal ndi ndalama yotsitsa ndi kukweza.

Pokambirana, pitani ndi pepala lanu ndi mitengo ya m'mashopu. Mawu akuti "achimwene, tsitsani pang'ono" amabweza yankho lakuti ena akubwera ndi ndalama madzulo ano. Koma mukati "bwana, mashoko onse anayi akudontha, mtengo wake ndi uwu", mwamupatsa chinthu choti ayankhe. Yambani pansi pang'ono pa nambala yanu kuti mukhale ndi pokwerera. Wogulitsa akati akonza yekha musanatenge, kanani mwaulemu, chifukwa adzaika zotchipa zongofikitsa galimoto pageti. Achotse ndalamayo mukakonze nokha. Pakakhala dobadoba pakati, dziwani kuti yake ili kale mu mtengomo, ndiye yesetsani kulankhula ndi mwini bulubuku. Pamwamba pa zonsezi sungani ya inshulansi, COF ndi kusintha umwini, ndipo ndalama yomaliza muipereke tsiku limene nonse awiri mwaima pa Road Traffic.