Mukapita ndi ana ku Two Oceans Aquarium

Amene muli ku Cape Town, malo oonetsera nsomba ndi zamoyo zina za m'nyanjawa ali pa V&A Waterfront. Gulani matikiti pa intaneti, mufike m'mawa akangotsegula, anthu asanachuluke. Pakhomo funsani nthawi yodyetsera mapengwini ndi shaki, ulendo wonse muukonze potengera nthawiyo. Maola awiri kapena atatu amakwana.

Ana asamagogode galasi. Phokoso limamveka kwambiri m'madzi, nsomba zimadzidzimuka n'kukabisala, ndiye simuonanso kanthu. Pojambula zimitsani fulashi, foni muiyandikize pagalasi penipeni, apo ayi mudzijambula nokha.

Pa kadziwe kogwira zamoyo, anawo ayambe asamba m'manja, poti mafuta odzola amavulaza tinyamato. Akhudze ndi chala chimodzi, osatulutsa m'madzi. Musadumphe nkhalango ya kelp, zomera za m'madzi ozizira a Benguela, omwe amayenda m'nyanja kugombe la kumadzulo kwa South Africa.