Kulemba waganyu mukakalamba: pimani ndime musanatchule mtengo

Msana ndi mawondo zikayamba kukana khasu, munda sudikira. Mvula ikagwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, udzu umamera chimodzimodzi m'munda mwa mnyamata ndi m'munda mwa agogo. N'chifukwa chake makolo athu ambiri muno m'Mangochi, makamaka amene ana awo ali ku Joni kapena m'tauni, amadalira aganyu, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Chimene chimatidetsa nkhawa ife alangizi, kuyambira kwa Makanjira mpaka kwa Nankumba, n'chakuti ndalama zimatuluka koma ntchito osaoneka. Pena waganyu ndiye amachoka akudandaula kuti amudyera masuku pamutu, chaka chamawa osabweranso. Zonse ziwirizi gwero lake n'limodzi: anthu amatchula mtengo asanapime ntchito.

Yambani ndi kudziwa kukula kwa munda wanu. Ambiri amati "wangawu ndi maekala awiri" chifukwa anamva choncho kwa malemu bambo awo, chikhalirecho mbali ina inagawidwa kale kwa ana. Ekala imodzi ndi malo a pafupifupi mamita 64 m'litali ndi mamita 64 m'lifupi. Musapime ndi mapazi, chifukwa phazi la agogo ndi la mnyamata sizifanana, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Pezani chingwe cha mamita 10, mumange mfundo pa mita iliyonse, mdzukulu wanu ndi waganyuyo akokere limodzi inu mukuona. Dulaninso kamtengo kotalika masentimita 75, kamene ndi mpata woyenera pakati pa mzere ndi mzere wa chimanga. Pa muyeso umenewu, ekala imakhala ndi mizere pafupifupi 85 ya mamita 64 uliwonse.

Kamtengo kameneka musakaderere. Mukagwirizana mtengo wa ekala yonse popanda muyeso, waganyu amene akufulumira amatalikitsa mizere kuti athe msanga. Akafika pa mita imodzi pakati pa mizere, ekala yanu itsala ndi mizere 64 m'malo mwa 85. Mwataya mizere 21, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mizere yanu yonse, mbewu isanalowe n'komwe m'nthaka. Mukagwirizana zowerenga mizere, vuto limatembenuka: mizere imatuluka ing'onoing'ono, yothithikana, ndipo timizere tifupitifupi ta m'ngodya ya munda timawerengedwa ngati tathunthu. Choncho nenani poyera kuti mzere umodzi ndi zingwe zingati, ndipo mizere ifupiifupi muziiphatikiza mpaka ikwane utali umenewo.

Mtengo weniweni umachokera kuti

Funsani anthu atatu a m'mudzi mwanu amene alemba aganyu mwezi uno, osati chaka chatha. Ndalama yathu inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu sikhazikika. Mtengo umene mukuukumbukira kuti munalipira zaka ziwiri zapitazo lero sungagule ngakhale ndiwo. Okalamba ambiri amatchedwa oumira pomwe iwo angotsalira m'mbuyo pa mitengo.

Muyeso wosanama ndi chimanga. Tumani mwana akafunse mtengo wa chigoba cha malita 5 pamsika umene muli nawo pafupi sabata imeneyo, kaya ndi pa boma, ku Namwera kapena ku Monkey Bay. Munthu wamkulu akagwira khasu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litatentha, malipiro ake azimukwanira kugula chakudya cha banja lake cha tsiku limenelo, kulipira kuchigayo, n'kutsalako ya mchere ndi kausipa. Zikapereweza apa, mtengowo ndi wotsika ngakhale iye atauvomera chifukwa cha njala. Yang'ananinso malipiro otsikitsitsa amene boma limakhazikitsa. Mu 2024 anali K90,000 pamwezi, ndipo mukagawa ndi masiku 26 ogwira ntchito zimapereka pafupifupi K3,460 pa tsiku lathunthu. Chiwerengerochi chimasinthidwa, ndiye funsani chatsopano ku ofesi ya zantchito pa boma, ndipo muchitenge ngati pansi poyambira, osati pothera.

Mukapeza mtengo wa tsiku, usandutseni mtengo wa ndime. Tsiku loyamba mulipireni monga wa tsiku, agwire kuyambira 5 koloko mpaka cha m'ma 10 koloko, kenaka muwerenge mizere imene yatha bwino. Tiyerekeze kuti mwagwirizana K5,000 ndipo wapalira mizere 10 ya mamita 64. Ndiye kuti mzere umodzi ndi K500, ndipo ekala ya mizere 85 ndi K42,500. Ziwerengerozi ndi zongoonetsera kawerengedwe, inu muikepo za kwanu. Ubwino wake ndi wakuti kuyambira tsiku lachiwiri palibenso kumuimirira. Wamphamvu amaliza msanga n'kupita kumunda kwake, wofooka atenga masiku ochulukirapo, koma inu mulipira zofanana.

Mtengo wa mnansi wanu sungakhale wanu nthawi zonse, chifukwa minda sifanana. Dothi lamchenga la kufupi ndi nyanja ndi lopepuka, khasu limangolowa. Katondo wa kumtunda ku Namwera ndi ku Katuli amalimba kukauma, ndipo makande a m'madambo amamata khasu kukanyowa. Munda wa tsala kapena kuswa mphanje ndi ntchito ina, yofunika kuzula zitsa, ndipo mtengo wake ukambidwe paokha. Udzunso umasiyana. Chisoso ndi bonongwe zimachoka ndi khasu limodzi, pomwe nsongole, kapinga ndi dawe zimafuna kukumba mizu, moti munthu yemwe uja atha kupalira theka la mizere imene akanapalira pena. Ngati munda uli kutali, ulendo wa ola lathunthu, wonjezeranipo kanthu.

Kuchedwa ndiye kumadula kuposa zonse. Kupalira koyamba kuchitike pasanathe masabata atatu chimanga chitamera, kubandira kutsatire cha pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Mukadikira kuti ndalama za ku Joni zifike kaye, udzu umafika m'mawondo, waganyu amakweza mtengo, ndipo chimanga chimakhala chitafooka kale. M'mera mpoyamba. Auzeni ana anu kuti ndalama zopalira zifike mu Novembala, osati mu Januwale, ndipo mugwirizane ndi waganyu wanu mvula isanagwe. Kwa a m'mbali mwa nyanja, kumbukirani kuti masiku a mdima usipa ukamaphedwa wambiri anyamata amathamangira kudoko, ndipo amene atsala amatchula mtengo wokwera. Lachisanu abale athu achisilamu amaweruka msanga kupita kumzikiti, ndipo mwezi wa Ramadan ukagwera m'dzinja ndime zichepetsedwe, zikhale za m'mamawa.

Mu Januwale ndi Febuluwale zinthu zimatembenuka. Nkhokwe zimakhala zitatha, anthu amayenda khomo ndi khomo kufuna ganyu, ndipo ena amavomera mbale imodzi ya ufa pa ntchito ya tsiku lonse. Apa tikupempheni, makolo athu, musatsitse mtengo chifukwa munthu wapanikizika. Amene akupalira kwa inuyo wasiya munda wake uli m'tchire, ndipo akapanda kupeza zokwanira adzakolola zochepa n'kubweranso ndi njala yomweyo chaka chamawa. Komanso wanjala amene akudziona kuti waponderezedwa amagwira ntchito yongophimba maso. Inu mukufuna munthu mmodzi kapena awiri odalirika amene azibwera chaka ndi chaka, chifukwa mphamvu zanu sizikubwerera.

Kalipiridwe

Musalipiretu zonse. Ngati wapempha kuti mumupatseko zoyambira, zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo zotsalazo muzipereka ndime ikatha n'kuonedwa. Koma ikatha, lipirani tsiku lomwelo. Mawu akuti "ubwere mawa" ndiwo amaipitsa mbiri ya khomo, ndipo nthawi yopalira ikafika mudzapeza aliyense ali ndi chifukwa chokanira. Ngati mukudikira ndalama za Mtukula Pakhomo kapena za ana, nenani zimenezo asanagwire khasu kuti asankhe yekha kudikira kapena ayi.

Mukalipira ndi chimanga, onetsani chigoba chimene mupimire, ndipo mugwirizane ngati chikhale chosefukira kapena chosalaza pamwamba. Musanatapemo, werengani kaye matumba amene akufikitseni mu Epulo. Agogo ambiri amalipira aganyu ndi chakudya chawo chomwe, n'kuyamba kugona ndi njala chimanga chili ngaiyaye. Mukalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kambiranani za ndalama yochotsera kuti alipira ndani, sungani uthenga wa pafoni ngati umboni, ndipo nambala yanu yachinsinsi musaipereke kwa waganyu, ngakhale kwa amene akukuthandizani kudina foni ngati simumukhulupirira kwenikweni.

Khalani ndi kope la sukulu. Lembani dzina, ntchito, mizere ingati, mtengo, zimene watengako kale ndi tsiku lomaliza. Nonse musaine kapena kudinda chala pamaso pa mboni imodzi yosakhala m'bale wa waganyuyo. Izi muchite ngakhale wogwira ntchitoyo ndi mdzukulu kapena mkamwini wanu. Pachibale ndi pamene mikangano ya ganyu imapweteka kwambiri, chifukwa wina amayesa thandizo pomwe mnzake akuwerengera ndalama. Nkhani ya chakudya ilowenso m'kopemo: ngati mupereka phala, thobwa kapena mbatata, nenani ngati n'zongowonjezera kapena zikuchotsedwa pa malipiro. Madzi akumwa okha ndi udindo wanu. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno si kosewera nako.

Kuona ntchito musanalipire

Mzere wabwino umapangidwa poswa wakale n'kuunjika dothi pa khwawa lakale. Wofulumira amangopala dothi lapamwamba n'kuphimba mzere wakale womwewo. Pisani dzanja kapena kamtengo pakati pa mzere. Mukagunda polimba pafupi, ntchito sinagwirike, ndipo mizu ya chimanga idzavutika kulowa. Chitani zimenezi pakati pa munda ndi kumapeto, osati m'mbali mwa njira mokha, chifukwa m'mbali mwa njira ndi mmene mumakonzedwa bwino.

Pa kupalira, chinyengo chofala ndi kukwirira udzu osaudula mizu. Tsiku limenelo munda umaoneka woyera, pakatha masiku atatu mvula itagwa udzu umadzukanso. Khovani ndiye woipitsitsa, chifukwa kachidutswa kalikonse kakakhudza dothi lonyowa kamaphuka. Gwirizanani kuti khovani ndi kapinga azizitola n'kuziunjika kunja kwa mizere, ndipo kaufiti azulidwe ndi manja asanachite maluwa. Yang'ananinso mapesi amene atemedwa ndi khasu. Awiri atatu zimachitika, koma akachuluka ndiye kuti ndime inakula kuposa mphamvu za munthuyo.

Kubzala ndi kuthira feteleza n'kumene kumafuna maso anu enieni, kapena a munthu amene mumamukhulupirira, chifukwa zolakwika zake zimaoneka nthawi itatha. Pa ulimi wa mbewu imodzi pa phando, mapando amatalikirana masentimita 25, ndipo ekala imadya mbewu ya chimanga pafupifupi makilogalamu 10. Ikatha munda usanafike pakati, kapena ikatsala yambiri, pali chalakwika. Feteleza musapereke thumba lonse. Tulutsani ndowa imodzi imodzi, ndipo dziwani kuti ngati thumba la makilogalamu 50 likuyenera kukwana ekala, theka lake lithere pa mizere 42 kapena 43. Ntchito ziwirizi ndi bwino kulipira pa tsiku osati pa ndime, kuti munthu asathamange.

Pa dimba ntchito ndi ya tsiku ndi tsiku, choncho malipiro a pasabata kapena pamwezi ndiwo amayenda bwino. Tchulani mabedi angati, makeni angati pa bedi, ndi nthawi yothirira, m'mamawa ndi madzulo. Fukulani dothi ndi chala kuti muone ngati madzi alowa, chifukwa kunyowa kwa pamwamba kumanamiza. Ngati madzi akutungidwa mu Shire kapena m'nyanja ya Malombe, musatume munthu kusanache kapena kutada, chifukwa cha ng'ona ndi mvuu. Kulondera anyani ndi mbuzi ndi ntchito ina yapadera, musaibise m'kati mwa yothirira.

Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito zoopsa amene sanakwane zaka 18. Kupopera mankhwala a ntchemberezandonda kukhale kwa munthu wamkulu, wovala zophimba thupi lonse, pakamwa ndi mphuno, ndipo sopo wosambira mupereke ndinu. Ana a sukulu musawalembe nthawi ya maphunziro ngakhale mtengo wawo utakhala wotsika.

Mukawerengetsa zonse, kusosa, mizere, kubzala, kupalira kawiri, kukolola ndi kututa, mwina mupeza kuti ndalama zanu sizikwanira munda wonse. Pamenepo chepetsani munda, osati malipiro. Theka la ekala lopaliridwa pa nthawi yake ndi kuthiridwa feteleza wokwanira limabereka kuposa maekala awiri osiyidwa m'udzu. Sankhani mbali yachonde komanso yapafupi ndi nyumba. Mbali ina ikani nandolo kapena chinangwa, zimene sizifuna manja ambiri. Yotsalayo mutha kubwereketsa kwa chaka chimodzi chimodzi, ndalama zake n'kulipirira aganyu, koma mgwirizanowo ulembedwe pamaso pa amfumu ndi ana anu, malire ndi chaka chobweza zitatchulidwa momveka, kuti wobwereka asadzati munda munamupatsiratu.